Dzanja la Zala Zinayi

Amuna anga anali omanga nyumba. Chala chapakati cha dzanja lamanja anachisiya kumgodi akadali mnyamata, ndipo ku Kasanda konse ankawadziwa ndi dzanja limenelo. Chaka china anapeza ganyu yokonza chipilala cha anthu amene anamenyera ufulu wa dziko, chija chili kunjira ya ku Mulungushi. Atabwerako anandiuza akuseka kuti kumaso kwa chipilalacho kuli mayina a akuluakulu, koma kuseri, m'munsi, iwo adindako dzanja simenti isanaume. Ankati tsiku lina adzanditenga ndikaone. Sitinapite.

Anamwalira m'nyengo yozizira. Kumanda ndinakomoka bokosi likutsika, ndipo pomwe ndinkatsitsimuka anali atakwirira kale. Dothi langa sindinaponye. Zimenezi zinkandidya mumtima tsiku ndi tsiku.

Ndikadali m'zovala zakuda, mnzawo wa ntchito anadutsa pakhomo n'kunena kuti chipilala chija akuchimatanso chonse chikondwerero cha ufulu chisanafike, ndipo ayamba kale. Alamu anga, mlongo wa malemu, amene anabwera kuchokera ku Petauke kudzakhala nane, anakana kuti ndipiteko. Anati namfedwa sayenda mitunda asanavule zakuda, anthu anganene kuti ndayamba kale kusuzumira amuna. M'mawa atapita kotunga madzi, ine ndinatuluka.

M'minibasi mayi wina anakoka chitenje chake kuti chisakhudzane ndi changa. Sindinalabadire. Njira yonse ndinkangoganiza mmene simenti imaumira msanga padzuwa lotere.

Pachipata mlonda anati malowo ndi otseka mpaka ntchito ithe. Kuseri kwake ndinkamva fosholo ikukanda pansi. Ndinamuuza za dzanja lija. Anayang'ana zovala zanga, anayang'ana kumsewu, kenako anati ndifulumire kapitawo asanabwere.

Mayina a kumaso sindinaime kuti ndiwawerenge, ndiponso kuwerenga kwanga n'kochedwa. Ndinazungulira. Omanga awiri anali atamata kale khoma kuchokera pamwamba, kwatsala kachigawo kam'munsi. Ndinagwada n'kuyamba kupukuta fumbi ndi mpango. Poyamba sindinaone kanthu. Ndiye chakumapeto, pafupi ndi udzu, ndinalipeza. Zala zinayi, ndi mpata pakati.

Ndinaikamo dzanja langa. Linali laling'ono. Simentiyo inali yofunda ndi dzuwa.

"Mami, sendezaniko, daka izauma," anatero womanga wamng'ono, akuloza simenti yokanda kale mu wilibala.

"Iwe, ulibe maso? Siuona zovala?" mnzake wamkulu anamudzudzula.

Pomwepo kapitawo anatulukira, nkhope yokwinya, n'kufunsa amene wandilowetsa. Mlonda anangozyolika. Ndinafotokoza ndikadali chogwada, ndipo ndinapempha kuti kachigawo kameneko akasiye. Kapitawo anati khoma lonse liyenera kukhala losalala, oyendera akubwera.

"Amayi, sindifuna kukunamizani. Ndikasiya lero, mawa adzamata ena inu kulibe."

Ndinadziwa kuti akunena zoona. Ndinayang'ananso dzanjalo, ndinayang'ana daka ili mu wilibala. Kenako ndinapempha kuti andibwereke chitsulo chomatira.

Womanga wamkulu uja ndi amene anandipatsa, atagwira ndi manja awiri. Ndinatapa daka, inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Ndinaiponya pachikhatho paja monga ndinkaonera amuna anga akuchitira pakhoma lathu. Ina inagwa pansi. Ndinatapanso, n'kukwirira zala chimodzichimodzi, mpaka pampata paja. Kusalaza ndinawasiyira eni ntchito.

Ndinafika kunyumba dzuwa litapendeka. Alamu anali pakhomo, manja m'chiuno, mawu ali kale pakamwa. Anaona simenti itauma pachitenje chakuda ndi m'zikhadabo zanga.

"Ndakawakwirira alongo anu," ndinatero.

Anandiyang'ana, n'kulowa m'nyumba. Potuluka anali ndi beseni la madzi, monga timachitira ndi obwera kumanda.