Utoto Wofiila pa Golosale Yathu

Mkazi wanga atamwalila, golosale yathu ya pafupi ndi msika wa Petauke inazizila. Katundu analimo, koma anthu ankangodutsa. Amene sananditaye anali amai a ku chalichi kwathu. Lamulungu akaweluka ankabwela kudzakhala pa benchi ya pakhonde, monga ankachitila mnzao ali moyo. Ankagula shuga ndi sopo, n'kundifunsa ngati ndadya.

Mwana wanga wamkulu amagwila nchito ku Nyimba, ndipo mpila wa ku Ulaya amaukonda kwambili. Tsiku lina anandipeza ndikupukuta fumbi pa mabotolo.

"Atate, matimu akuluakulu aja amagulitsa chiyani?"

"Si mpila kodi?"

"Ayi, amagulitsa malaya. Munthu akavala malaya a timu yake, ngakhale igonje chaka chonse sapita kwina. Inu mulibe ochemelela. Muli ndi anthu odutsa chabe."

Sindinamutsutse, pakuti ankafuna kundithandiza. Anabweletsa TV ndi dishi yake, komanso utoto wofiila, mtundu wa timu imene ambili pamsika amaikonda. Khoma linali labuluu, mtundu umene anasankha mai ake. Tinalipaka lonse.

Nzelu yake inagwila. Loweluka ndi Lamulungu masana khonde linkadzaza ndi oyendetsa njinga zamoto ndi oitanila mabasi. Zakumwa, mabanzi ndi nshawa zinkatha dzuwa lisanalowe.

Koma okonda matimu ena analeka kuponda pakhomo panga. "Kwa adani sitigulako mchele, bambo," anatelo wogulitsa nyama wina akuseka, ndipo sanabwelenso. Ofiila akagonja, anthu anga ankachoka osagula kanthu, ndipo Lolemba ankazungulila njila ina poopa kusekedwa. Ine, amene sindidziwa dzina la wosewela ndi mmodzi yemwe, ndinayamba kufunsa ngati wovulala bondo uja wachila. Chakudya changa chinali pa miyendo ya anyamata a dziko limene sindidzalionako.

Amai a ku chalichi aja anapeza benchi yao yatengedwa, amuna akukuwa ndi kutukwana woimbila. Anaima pang'ono pamsewu. Wamkulu wao anati, "Abambo, tidzabwela mpila ukatha."

Mpila sutha. Ukatha uwu, wina wayamba.

Lamulungu lina sindinayatse TV. Ndinauza amunawo kuti lelo pano palibe mpila.

"Abusa atseka bwalo!" anakuwa wina pondinyoza. Onse anaseka n'kupita ku bala la kuseli kwa msika.

Ndinasesa khonde, kupukuta benchi, n'kukhala pansi kudikila. Amai aja anatulukila ndi mabuku ao a nyimbo. Anandipatsa moni waulemu ali tsidya lina la msewu, kenako analowa m'golosale ina imene anali ataizolowela. Sindiwaimba mlandu. Munthu amakhala pamene walandilidwa.

Madzulo mwana wanga anaimba foni. Nkhani inali itafika kale ku Nyimba.

"Atate, ochemelela satsekeledwa geti. Mukabwelezanso, apitilatu, ndipo mudzatsala ndi ndani?"

Sabata yotsatila ndinatuluka m'chalichi nyimbo yomaliza isanathe, chifukwa masewela ankayamba msanga. Ndinapeza amuna aja akundidikila pakhonde, atakhala kale pa benchi. Ndinatsegula chitseko n'kuyatsa TV.