Kalaliki Amene Anatilembetsa Mayeso

Dera lathu ku Perak, m'dziko la Malaysia, linali ndi masekondale asanu a boma, ndipo zotsatira za mayeso a Fomu 5 zikatuluka, ofesi ya maphunziro inkawandandalika kuyambira wochita bwino mpaka wotsiriza. Ife sitinkavutika n'kufufuza dzina la sukulu yathu. Tinkangoyang'ana pansi penipeni n'kulipeza lili phee pamalo pake.

Sukulu ya m'tauni inali ya ana a madokotala ndi a eni masitolo. Yathu inkangotola aliyense: ana a Amwenye a m'minda ya kanjedza, ana a Amaleyi olima mpunga, ndi ife Atchaina a kumudzi wa asodzi. Nthawi yopuma pabwalo pankamveka zilankhulo zinayi, koma mayeso ankafuna chimodzi. Ukalephera Chimaleyi, satifiketi iwala, ngakhale masamu ukhoze chotani. Ine Siew Kheng, mwana wa a Teoh, masamu ndinkawadya osatafuna, koma Chimaleyi changa chinali chogulitsira nsomba basi.

Kalaliki wa sukuluyo anali Encik Kathirvelu, amene tonse tinkangowatchula kuti Encik Velu, poti Encik m'Chimaleyi ndiye kuti bambo. Anabadwira kuesiteti, bambo awo ankakama mitengo ya labala. Sukulu analekezera Fomu 3, n'kulowa ntchito ya umesenjala pasukulu pathu pomwepo, ndipo kutayipa anaphunzira okha pa taipilaita yomwe inali itatayidwa. Ine ndinawapeza atakhala pampando wa ukalaliki zaka makumi awiri. Anali kamunthu kakafupi, tsitsi lonunkhira mafuta a kokonati, zolembera zitatu m'thumba la malaya. Iwo ankakalipira aliyense m'chilankhulo cha kwawo. Ine ankanditukwana m'Chihokkien, Chitchaina cha kwathu, chosalala kuposa cha azakhali anga, ndipo mpaka lero ndimachisowa.

Chaka cha 1993 kunabwera ahedi atsopano, munthu wofuna kukwera msanga. Anabwera ndi nzeru yomwe akuti inkagwira ntchito kwina. Pofuna kudziwa malo a sukulu, ofesi inkawerengera ana okhawo olembetsedwa m'dzina la sukuluyo. Tsono ukachotsa ofooka n'kuwauza kuti akalembetse paokha ngati anthu akunja, sukulu imakwera popanda kuphunzitsa chilichonse chatsopano.

Anatiitana ana khumi ndi mmodzi. Ndinayang'ana gulu lathulo, Amwenye asanu, Amaleyi atatu, Atchaina atatu kuphatikizapo ine, n'kuona kuti pa umbuli pokha sukulu yathu inalibe tsankho.

"Ndikukuthandizani," anatero ahedi. "Mukawerenge kunyumba mwakachetechete, popanda phokoso la m'kalasi."

Kunyumba kwake kuti? Kwathu mwana wosapita m'kalasi malo ake anali pathandala loyanikapo nsomba. Bambo anga akanangoti zikomo, manja awonjezeka, ndipo nkhani ya mayeso ikanathera pomwepo. Ndinatuluka mu ofesimo ndikulira. Ndinkaifuna satifiketiyo, abale, ndinkaifuna koopsa.

Encik Velu anali pa taipilaita yawo, osadzutsa mutu.

"Amoi," anandiitana monga ankaitanira mtsikana aliyense wachitchaina, "misozi ukalilire panja, undinyowetsera mapepala a boma. Dzina lako paja ndi Teoh kapena Teo?"

"Teoh, Encik."

"Basi, dzipita."

Mu ofesimo munali kachitidwe kake. Encik Velu akamaliza kutayipa, ankaika kamtanda ka pensulo pamalo osainira, n'kupititsa mulu wonse kwa ahedi nthawi ya tiyi. Ahedi onse amene anadutsa pasukulupo ankangotsata timitandato, dzanja lina lili pakapu. Mndandanda wa olemba mayeso unalowa mumuluwo uli ndi mayina onse, athu omwe, ndipo ahedi anasaina. Masana omwewo Encik Velu anakwera kanjinga kawo kamoto kofuka utsi kaja n'kukausiya okha kuofesi ya mayeso.

Zinaululika patatha mwezi, manambala a olemba mayeso atabwera. Kukuwa kwa ahedi kunamveka mpaka kukantini, moti amayi ophika anasiya kukazinga nthochi n'kutchera khutu.

"Ndinakuuzani kuti awa muwachotse!"

"Munandiuza ndi pakamwa, Tuan," anayankha Encik Velu mwaulemu wonse, poti Tuan ndiye kuti bwana. "Ine ndine kalaliki, ndimatsata zolembedwa. Cholembedwa ndi ichi, ndipo munasaina nokha."

Kuchotsa mayinawo tsopano kunkafuna kalata yofotokoza chifukwa, ndipo chifukwacho sichinali cholembeka. Ahedi anangolemba kalata ina, yopempha kuti kalalikiyo asamutsidwe chaka chikatha.

Ife tinkaganiza kuti munthuyo atisekerera ngati ana ake. Ayi ndithu! Anatisonkhanitsa pakhonde la ofesi nkhope ili gwa.

"Mwandichotsetsa pampando wanga, zitsiru inu. Tsono wina alephere mwaulesi aone. Tikaweruka, nonse pano."

Sanali mphunzitsi, ndipo za ndakatulo sankazidziwa n'komwe. Chimene ankachidziwa ndi kalata ya boma, ndipo kalata yotero inkabwera pamayeso pafupifupi chaka chilichonse. Ankatulutsa mafailo akale n'kutiwerengetsa mokweza: kalata yopempha madesiki, yodandaula za denga lodontha, yopepesa kuti mbuzi zadya maluwa a sukulu. Kenako aliyense ankalemba yake. Ya ine yoyamba anaigwira ndi zala ziwiri ngati nsomba yoola.

"Amoi, ukulembera bwanamkubwa wa maphunziro kapena ukuitanira makasitomala? Lembanso."

Thanabalan, mnzathu wa kuesiteti, anaseka mpaka kugwa pabenchi.

"Iwe ukuseka chiyani? Yako ndaisunga kuti ndikakulungiremo roti wanga wa nkhomaliro."

Miyezi isanu ija ndi imene ndimaikumbuka kwambiri pa sukulu yonse. Mvula ya masana ikugunda malata, ife titapanikizana pakhonde, kapu imodzi ya tiyi wamkaka ikuzungulira, Encik Velu akuyenda uku ndi uku ndi rula. Tinkagawana zakudya mosamala, aliyense akudziwa chimene mnzake sadya. Sindinakhalenso pagulu lotero.

Tinalemba mayeso mu Novembala. Mu Januwale Encik Velu anapita kukasukulu kena kakumapiri, ulendo wa mabasi awiri. Zotsatira zinatuluka mu Malichi, ndipo sukulu yathu inali yotsiriza ngati kale. Aphunzitsi ena ankanong'ona kuti pakanapanda ife khumi ndi mmodzi ikanakhala yachinayi, ndipo mwina ankanena zoona. Ine Chimaleyi ndinakhoza, mokwawa koma ndinakhoza. Pepala limenelo ndi lomwe linanditsegulira sukulu ya unamwino.

M'mawa mwake ndinakwera mabasi awiriwo. Ndinawapeza m'kaofesi kakang'ono kamatabwa, akulimbana ndi taipilaita yosowa zilembo ziwiri. Anaoneka okalamba. Anatenga pepala langa, kuvala magalasi, n'kuliyang'ana nthawi yaitali.

"Ndithu miyezi isanu yonse ija, n'kungopeza kameneka?"

"Ndakhoza, Encik."

"Ndaona, sindine wakhungu. Nanga anzako?"

Apa ndiye ndinkaopa njira yonse. Ndinawauza kuti takhoza anayi okha, kuti Thanabalan walephera, ndi ena asanu ndi mmodzi. Ndinayamba kupepesa, kuti ataya malo awo chifukwa cha anthu olephera, koma anandidula ndi dzanja.

"Ndikufunsa kuti m'chipinda cha mayeso analowa? Anakhala pampando, nambala yawo ili padesiki?"

"Analowa onse, Encik. Palibe anajomba ngakhale pepala limodzi."

Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi malaya, kupukuta, kupukutabe, nkhope atalozetsa kuzenera.

"Onse khumi ndi mmodzi," anatero chapansipansi. "Basi, khala pansi, Siew Kheng. Wadya?"