Chigongono Changa ndi Ng'ombe za Atate

Ndikakumbukira nyengo yachisanu ya chaka chimenecho, chimene chimayamba kubwera m'maso mwanga ndi kapu ya tiyi ikugubuduka pakhonde, tiyi akumira m'dothi, nkhuku zikuthamanga kudzaona ngati pagwa chodya. Palibe amene anandigunda. Ndinangoinyamula ndi dzanja lamanja monga m'mawa uliwonse, ululu n'kundibaya kunja kwa chigongono ngati munga wa mthethe, zala n'kutseguka zokha. Ndinali ndi zaka pafupifupi khumi ndi zisanu, ndipo ndinali ndisanadziwe kuti dzanja lingathe kumukana mwini wake.

Tinkakhala pa kamunda kathu kufupi ndi Palabana, ndipo mishoni inali pa mtunda woyenda pansi. Masewera a badiminitoni anabwera ndi Buraza wina wa kumishoniko, mkulu wamtali wadazi, amene tonse tinkangomuti ba Buraza. Anabwera ndi maraketi ochepa, neti yong'ambika pakona, ndi timipira ta nthenga timene tinkatitcha mashatolo. Panja sizinkatheka, chifukwa mphepo ya Julaye inkangonyamula shatolo n'kukaiponya m'munda wa masisitere. Choncho tinkasewera m'holo ya parishi. Tinkakankhira mabenchi kukhoma, kujambula mizere ndi choko, kenaka n'kuvula nsapato kuti tisaterereke. M'holomo munkanunkha phula la makandulo, fumbi ndi ndowe za mileme. Nthenga za shatolo zikathothoka tinkapita kukapempha za abakha kukhitchini ya ansembe, n'kuzimata mosamala, ngakhale kuti pambuyo pake shatoloyo inkauluka mopendekeka ngati munthu wochokera kumowa.

Pa zinthu zonse za ubwana wanga, ichi chokha ndicho ndinkachita bwino kuposa anzanga. M'kalasi ndinali wapakati, m'kwaya ankandiimika kumbuyo, koma raketi ikakhala m'dzanja langa ndinkadziwa kumene shatolo ikagwere isanachoke kwa mnzanga. Ndinkasewera limodzi ndi Tereza, mwana wa kalipentala wa pamishoni, mtsikana wamfupi wa pakamwa posachedwa. Iye ankaima pafupi ndi neti, ine kumbuyo. Ba Buraza anatisankha awirife kuti tikaimire parishi pa mpikisano wa achinyamata kuboma ku Chongwe kumapeto kwa chisanu, ndipo anati opambana adzapita ku Lusaka. Ine Lusaka ndinkangomuona ngati kuwala kumadzulo dzuwa likalowa. Kuyambira tsiku limenelo ndinkasewera madzulo alionse mpaka mizere ya choko itasiya kuoneka, ndipo ndi m'masabata amenewo mmene chigongono chinayambira kulankhula.

Amayi ananditengera kuchipatala chaching'ono cha kwathuko. Tinapeza dokotala wachinyamata wochokera m'tauni, wa manja ofewa onunkhira sopo. Anadina pa kafupa ka kunja kwa chigongono, ine n'kudumpha pampando. Anandifunsa ngati pali masewera amene ndimachita, ndipo nditatchula badiminitoni anagwedeza mutu ngati wapeza mbala. Anati vutoli n'lodziwika kwa ogwira raketi, mitsempha yatopa, mankhwala ake enieni n'kuupumitsa mkono kwa masabata angapo. Za ntchito za kunyumba sanafunse, ndipo ife sitinaganize kuti n'zoyenera kumuuza. Kwathu ntchito sinkawerengedwa pa zinthu zopweteka munthu. Chodwalitsa chinkakhala mphepo, udzudzu, madzi oipa kapena chibwana. Atate atamva nkhaniyi madzulo ake, anatenga raketi yanga, nakwera pampando, n'kuilowetsa pamtanda wa denga. Sanakalipe. Anangonena mawu amene ankawakonda, akuti ntchito siipha munthu, chopha munthu ndi zopanda pake.

Mawa lake ndinadzuka mbandakucha monga nthawi zonse kukakama ng'ombe.

Tinali ndi ng'ombe zitatu za mkaka, ndipo nyumba yathu inkadalira zimenezo. Kukama inali ntchito yanga kuyambira pamene mkulu wanga anachoka kupita ku migodi. Atate ankangodikira chigubu chidzaze, n'kuchimanga panjinga kupita nacho kumsewu dzuwa lisanatenthe. Ndimakumbukirabe fungo la khola m'mawa wozizira, ndowe yofunda ikutulutsa nthunzi, mpweya wa ng'ombe ukundipuma pakhosi, chipumi changa chitatsamira pamimba ya Dona, ng'ombe yaikulu yakuda imene inkatulutsa mkaka wambiri kuposa zinzake. Mkaka woyamba unkalira m'ndowa yopanda kanthu, kenaka phokoso linkafewa thovu likakwera. Wokama amafinya ndi kumasula, kufinya ndi kumasula, mpaka bere litafota, ndipo mphamvu yonse imachokera pamalo omwewo pamene dokotala anadina. Ndinkaluma mano, misozi ikugwera pa bondo, ndikudziuza kuti poti raketi ndaisiya, posachedwa ndichira. Masana kunali kukonola chimanga, chifukwa inali nthawi yake, ndiponso kutunga madzi a ng'ombe padilawo.

Amayi anayesa zonse zimene ankadziwa. Ankathowa chigongonocho ndi kansalu koviika m'madzi otentha a mchere. Anadula mphira wa chubu chakale cha njinga n'kundimanga nawo m'munsi mwa chigongono, zomwe zinkathandiza pang'ono mpaka zala zitayamba dzanzi. Anandipaka madzi odalitsidwa a pa Pasaka amene ankasunga m'kabotolo kuseri kwa chithunzi cha Mayi Maria. Mayi wina woyandikana nafe anati anditeme mphini, koma atate anakana, nati m'nyumba mwawo zimenezo sizilowa. Ine ndinkapemphera korona ndikupita kusukulu, ndikuwerenga mikanda ndi dzanja lamanzere, ndipo pempho langa linali limodzi basi. Masabata ankapita, chigongono osasintha. Ndinafika polephera kutsegula chitseko cha kalasi, ngakhale kugwira cholembera nthawi yaitali.

Madzulo ndinkapitabe kuholo kukakhala pabenchi. Ba Buraza anandibwereka raketi kuti ndiyese ndi dzanja lamanzere, koma ndinkangomenya mphepo, ana aang'ono n'kumaseka. Tereza anayamba kuyeserera ndi mnyamata wina wotchedwa Lazaro, amene ankathamanga kwambiri koma ankamugunda mnzake msana. Tsiku lina Tereza anabwera kudzakhala pambali panga, thukuta lili kamukamu, nagwira dzanja langa n'kulinunkhiza.

"Iwe, ununkha mkaka. Ukali kukama?"

Ndinavomera.

"Manje uchira bwanji? Raketi ni kanthu kopepuka monga supuni. Ni Dona wamene akudya kwanja kwako, osati ise. Uli na mutu olo ni dzungu chabe?"

Mumtima ndinali nditayamba kale kuziganiza, koma ndinalibe pakamwa pokanenera atate kuti ntchito yawo ndiyo ikundipweteka. Mwana sankanena zotere. Tereza analibe mantha amenewo. Lamulungu lotsatira, Misa itatha, anawapeza amayi pa mpopi wa pamishoni n'kuwauza zonse. Amayi anasunga mawuwo masiku angapo, kenaka anawauza atate mwa njira yawo, akusankha nyemba, osawayang'ana kumaso. Ananenanso kuti iwowo angathe kumakama, poti kwawo anaonapo mmene amachitira. Apo atate anakana msangamsanga. Kwathu mkazi sankalowa m'khola la ng'ombe, ankati ng'ombe zimataya bere. Atate, amene anakana mphini chifukwa cha chikhristu, mwambo uwu sanaufunsepo, ndipo sindikhulupirira kuti ankauona ngati mwambo. Kwa iwo zinali ngati kunena kuti moto umawotcha.

Koma mawuwo anawalowa. M'mawa mwake nditatuluka ndinawapeza ali kale m'khola, atavala jekete lawo lakale, ndowa ili pakati pa miyendo. Anandiuza kuti ndiime kunja. Ndinaima pa mpanda pafupi ndi amayi, amene anali ndi mwana kumsana. Atate anali atakhala zaka zambiri osakama, zala zawo zinali zitauma ndi khasu ndi mahandulo a njinga, ndipo ng'ombe imadziwa dzanja. Dona anatembenuka n'kuwayang'ana, nabisa mkaka. Anamunyengerera, anamuimbira mluzu, anamubweretsera mwana wake kuti ayamwe pang'ono, koma m'ndowa munkangogwa madontho. Kenaka Dona anaponya mwendo, ndowa n'kugubuduka, kamkaka kochepako n'kusakanizika ndi ndowe. Atate anayesanso madzulo, anayesanso mawa lake. Tsiku lachitatu bere la Dona linali litatupa, lolimba ngati dzungu, ndipo ankalira kuti mpaka oyandikana nafe anabwera kudzafunsa. Atate anaima pakati pa khola, manja ali lende, akuyang'ana ng'ombe, kenaka n'kuyang'ana ine. Sanandiitane. Ndinatsegula ndekha chipata, ndinakhala pa kampando, ndinatsamiritsa chipumi pamimba ya Dona, mkaka n'kuyamba kulira m'ndowa. Atate anachoka n'kupita kuseri kwa nkhokwe, ndipo anakhalako nthawi yaitali.

Pambuyo pake anandichotsera kukonola chimanga ndi kutunga madzi, n'kumachita okha. Ng'ombe ziwiri zinazo anazizoloweza pang'onopang'ono mpaka zinawalola. Dona yekha sanalole, ndipo Dona yekhayo anali wokwanira kuti chigongono chisapole.

Tsiku la mpikisano ndinaperekeza anzanga kumsewu. Anakwera minibasi atavala malaya oyera amene masisitere anawachapira, ba Buraza atakhala kutsogolo mawondo akugunda chibwano. Tereza anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti ndikamupatse moni Dona, mkazi wanga. Anthu anaseka, inenso ndinaseka, kenaka fumbi linawaphimba. Ndinabwerera ndekha kudzera m'minda yotenthedwa, phulusa la udzu likundidetsa mapazi. Anabwerako madzulo atagonja pa masewera achiwiri. Tereza sanandiuze zambiri, anangoti Lazaro anamuponda chala.

Chigongono chinachira mu Okutobala, popanda wochichiza. Msipu unauma, Dona anali ndi bere lina, mkaka unachepa mpaka tinamusiya kuti apume. Patapita masabata angapo ndinazindikira kuti ndanyamula benchi ya m'tchalitchi ndi dzanja lamanja osamva kanthu. Sindinauze munthu, koma atate anaona. Tsiku lina pobwera kusukulu ndinapeza raketi ili pamphasa panga. Inali yakuda ndi mwaye, ndipo makoswe anali atadula zingwe zake pakati. Ndinapita nayo kumishoni choncho, ndikuganiza kuti ba Buraza aikonza. Ndinapeza holo yadzaza matumba a feteleza a alimi a m'parishi mpaka pafupi ndi denga, mizere yathu ya choko ikungoonekera pang'ono pakhomo. Mvula itatha ba Buraza anatumizidwa ku mishoni ina yakutali, ndipo neti inakathera ku dimba la masisitere, kutchinga nkhuku.

Akulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinadekha, koma zimene ndinaona sizimene ndinkadikira. Kwa zaka zambiri ndinkafunafuna woti ndimuimbe mlandu wa chisanu chimenecho, ndipo sindinamupeze. Dokotala anafunsa zimene ankadziwa kufunsa. Amayi anaima pamene anaphunzitsidwa kuima. Ng'ombe inachita za ung'ombe. Atate, amene ndinkawaona ngati munthu wosalephera kanthu, anayesa masiku atatu pamaso pa mwana wawo n'kulephera. Tereza anadzakhala mkazi wanga, ndipo mpaka tsitsi litachita imvi ankandinenabe kuti iye ndi wachiwiri, woyamba anali Dona. Pamene anadwala matenda amene anamutenga, ndinathowa, ndinapaka madzi odalitsidwa, ndinapemphera korona ndi pempho limodzi basi, kenaka tsiku lina ndinadzipeza nditaima pakati pa chipinda manja ali lende. Ndi pamenepo ndinawamvetsa atate, ndiponso chimene anakachita kuseri kwa nkhokwe.

Masiku ano malo amene Dona ankadya msipu anadulidwa mapuloti, ndipo mukukhala anthu ogwira ntchito ku Lusaka. Ana awo amasewera badiminitoni pabwalo ndi mashatolo a pulasitiki, opanda neti, opanda mizere. Mphepo ikaomba shatolo imagwera kuno kwanga, ndipo amakuwa kuti agogo atiponyere. Ndimaitola n'kuiponya ndi dzanja lamanja. Silipweteka ngakhale pang'ono.