Dzina lomwe munapala pansi pa mwala

Batate, lero ndakumana ndi mwala wanu. Ndayamba ntchito yopukuta pa loji ina ku Nakatindi, ndipo polandirira alendo ndapeza mutu wa mayi uja munasema chaka chomwe munayamba kudwala. Ndauzindikira msanga. Duku lake ndi la agogo a ku Mongu, mikanda ndi ya Chitonga ngati ya amayi, ndipo kusalala kwake ndi kuja munaphunzira kwa Ashona kutsidya kwa mlatho, ku Zimbabwe. Ndikukumbukira tsiku lomwe tinaumaliza. Munautenthetsa pa mbaula, ine n'kumapaka phula ndi kansalu mpaka unada bii. Kenako anabwera wogula ziboliboli uja wa ku msika wa Mukuni Park. Atautembenuza anati, "Bamudala, chotsani dzina. Bazungu bafuna vya ku Zimbabwe. Manje uyu ni wa ku Zimbabwe." Inu munatembenukira kwa ine. Munangoti, "Gwira bwino, mwana wanga," n'kutenga tupa. Ine ndinagwira, inu n'kumapala dzina lanu chilembo chimodzichimodzi.

Masana ano bwana wathu amauza alendo kuti unasemedwa kalekale ndi munthu wosadziwika wa ku Harare. Ine ndinali pomwepo, nsalu ili m'manja. Mukundidziwa, Batate, pagulu mawu amandikanika. Ndimafuna kunena kuti munthuyo ndikumudziwa, fumbi la miyala linamuthera chifuwa, ndipo pamanda pake palibe ngakhale kamwala. Bwana anandiuza kuti ndiziupukuta mosamala, chifukwa sindikudziwa kufunika kwake. Ndinangoti, "Eya, bwana."