Chifuwa cha Anamawindo

Mayi a khomo loyang'anana ndi lathu timawatcha Anamawindo. Akalowa m'nyumba ya munthu, moni amabwera pambuyo, amayamba akankha mawindo. "Nyumba nayonso imapuma," amatero. "Mukaitseka mphuno imawola."

Amadwala mphumu kuyambira ali mtsikana, ndipo kapampu kawo kopumira sikachoka m'thumba la diresi. Malo achinyezi amawathawa ngati moto.

Khanda langa litayamba kutsokomola kosalekeza, adokotala anandifunsa ngati m'nyumba mwathu muli chinyezi. Ndinakanitsitsa, poti tinali titangopentetsa kumene.

Anamawindo atamva, anabwera n'kulunjika kuchipinda kwathu. Tsiku limenelo windo sanalikhudze. Anatseka chitseko, n'kuyamba kuyenda pang'onopang'ono motsatira khoma. Posakhalitsa chifuwa chawo chinayamba kulira ngati wezulo.

"Amayi, tulukani chonde, mungatigwere muno!" ndinawachonderera.

Anangopukusa mutu. Atafika pa wadirobu anawerama, dzanja lili pabondo, mpweya ukuwavuta. "Kokani ichi."

Ine ndi bambo a mwana tinakoka. Kuseriko khoma lonse linali bii ndi nkhungu, penti itafufuma, pafupi penipeni ndi pogona khandalo.

Tinawatulutsa chowagwirira. Panja anapopa kapampu kaja. Ndinawakalipira misozi ikulengeza: "Bwanji kuika moyo wanu pachiswe chonchi?"

Mpweya utabwerera, anayang'ana mwana amene ndinamufungatira.

"Ine chinyezi chikandigwira pachifuwa ndimatha kuloza pamene chili," anatero. "Nanga uyu akanauza ndani?"