Mababu atsopano a ampu ya bambo

Ampu yokuzira mawu a gitala ya bambo anga ndi yakale, ya mababu agalasi kumbuyo amene amatentha ngati nyali. Mababu awiri akuluakulu atafooka, gitala inayamba kulira ngati munthu wachimfine. Malume anatumiza atsopano kuchokera ku Joni, atawakulunga m'masokosi. Kuno sapezeka. Loweruka lake bambo ankayenera kukaimba paukwati ku Benga, ndipo mababuwo akanapsa, kunalibe kwina kotenga ena.

Anandifotokozera kuti babu latsopano sumangolisomeka n'kuyamba kuimba. M'kati mwa ampu muli kasikuluwu kamene umapotoza kuti babulo lizidya magetsi oyenera. Magetsi akachepa mawu amauma, akachuluka chitsulo cha m'babumo chimafiira mpaka kupsa. Chimene chimakuuza muyezo wake ndi mita yoyezera magetsi. Koma maso a bambo anali atachita ng'ala, ndipo makutu awo anatha ndi masipika.

"Lero maso anga ndiwe, mayi," anatero. "Ikafika sate faifi undiuze. Usakhudze kanthu, magetsi a muno amapha."

Ndinagwada pambali pawo, mita ili pamkeka. Iwo dzanja limodzi analibisa m'thumba kuti magetsi asapeze njira yodutsa pamtima, linalo linagwira sikuludiraiva.

Ine kusukulu aphunzitsi anatopa nako kundiuza kuti ndizikweza mawu. Ndiye nambala zitakwera n'kudutsa sate faifi, ndinayankhula monga ndinaleredwera.

"Pepani bambo, kaya mwina mungabwezeko pang'ono."

"Wati ndionjezeko?"

Anapotozanso. Fifite. Sikisite. Ndinayambanso ndi pepani wina, koma ndisanamalize ndinaona chitsulo cha m'babu lakumanzere chikuyamba kufiira ngati khala.

"Bwezani! Bwezani msanga inu!"

Bambo anabweza. Kufiira kuja kunazilala pang'onopang'ono. Ndinkatchula nambala iliyonse mokweza, mpaka ndinati, "Basi, pomwepo."

Amayi anali panja akusenda chinangwa. Anafika pakhomo mpeni uli m'manja.

"Ndani akukalipira bambo ake m'nyumba muno?"

Ndinaweramitsa mutu, misozi ili pafupi. Bambo anayamba azimitsa ampu, kenako anatulutsa dzanja m'thumba muja n'kuliika pamutu panga.

"Musiyeni, mayi ake. Mapepani aja ndi amene akanatiwotchera mababu." Anaseka. "Koma iwe, mawu onsewa umawasunga kuti?"

Anayatsanso, tinadikira kuti mababu atenthe bwino, ndinawerenganso mita. Nambala sinasunthe. Atakhwatcha gitala, mawu anatuluka onona, ndipo amayi anaima pakhomopo kumvetsera, chinangwa ataiwala.

Ku Benga ampu inalira mpaka ukwati kutha. Ine ndikadali wamanyazi, m'kalasi dzanja ndimakweza mwa apo ndi apo. Koma sindiiwala kuti bambo sanandidzudzule tsiku lija. Masiku ano akafuna kutsegula ampu amandiitana, ndipo ndikamalowa amati, "Pepani wako uja umusiye pakhomopo pamodzi ndi nsapato."