Ndevu za a Lumo

Malezala khumi ndi awiri sabata iliyonse, ndi sopo mmodzi wosanunkhira. Ameneyo ndiye anali katundu wa a Lumo pa benchi yanga, pageti la chipatala pomwe ndimagulitsa mabeseni, matawulo ndi mayunitsi. Dzinalo anawapatsa ndi manesi. Kale anali ndi shopu yometera, koma akazi awo atamwalira m'chipatala chomwecho, anagulitsa mipando ndi magalasi n'kutsala ndi kachikwama kamodzi.

Ankameta abambo a m'wodi ya kumapeto, ya anthu amene madokotala anena kuti mankhwala ochiza atha, kwatsala ochepetsa ululu. Sankalipiritsa. Ndikamakasiya katundu m'wodimo ndinkaona kagwiridwe kawo ka ntchito. Sankaimirira pamutu pa wodwala. Ankakhala pa kampando kakafupi, n'kumufunditsa tawulo lofunda kumaso, kenako n'kufunsa funso limodzi: "Mukakhala nokha, mumaganiza chiyani?" Basi, lezala liziyenda, iwo ali chete. Wina ankatchula mwana amene anakangana naye, wina ankafuna wansembe, wina shehe, ndipo a Lumo ankapita kukawaitana. Kupemphera ankapemphera akapemphedwa.

"Bwanji osangowalimbikitsa kuti achira?" ndinawafunsa tsiku lina.

"Iwe wa mabeseni, munthu ndamugwira chibwano, tikuyang'anana m'maso. Ndimunamize bwanji?"

Kenako anasiya kubwera. Malezala awo anangokhala m'katoni. Nesi wina anandilozera kwawo, kachipinda ka lendi kuseri kwa galaja. Ndinawapeza ali gone, ataonda, ndevu zoyera zitamera mpaka m'khosi. Pawindo panali mankhwala omwe aja a m'wodi ya kumapeto. Kapu inali imodzi, mbale imodzi, ndipo pa mpando wa alendo panali fumbi.

Ine pakamwa sipachedwa. Ndinayamba kuti ndipeza galimoto, pali dokotala wina wabwino, muchira ndithu bambo, musataye mtima.

"Ukunditsatsa moyo ngati beseni," anatero akuseka, chifuwa chikuwabanikitsa. "Khala pansi."

Ndinavundikira ndowa n'kukhalapo. Panja makaniko ankakhoma chitsulo. Kukhala chete kuja kunandivuta kuposa tsiku lopanda kasitomala. Mapeto ake ndinawafunsa funso lawo lomwe lija.

Anandiyankha mosabisa. Imfa sankaiopa kwenikweni, anali ataiona kambirimbiri. Chimene chinkawasowetsa mtendere ndi mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, amene amagwira ntchito kunja. Akaimba foni, iwo amati ndi chimfine chabe. Akapempha kuti awaone pavidiyo, amati kamera inawonongeka.

"Ndauza abambo ambiri kuti aitane ana awo nthawi ikadalipo," anatero. "Ine ndikukanika. Ndikati ndipemphere, bodza limeneli limandikhala pakhosi."

"Ndiye muuzeni, bambo."

"Andione chonchi, ngati tonde?" Anakweza manja awo, akunjenjemera. "Mwana uja chibadwire sanandionepo ndi ndevu. Ndipo lezala sindingaligwirenso."

"Ndikumetani ine."

"Iwe? Unametapo ndani?"

"Palibe. Muzindiuza."

"Undidula khosi matenda asanamalize ntchito yawo." Anatembenukira kukhoma. Ndinaganiza kuti agona, ndipo ndinayamba kunyamuka mwakachetechete. Ndili pakhomo ndinamva akuti, "Ubwere ndi madzi otentha, osati ofunda. Ndipo pometapo usamalankhule."

Mawa masana benchi ndimusiyira mchemwali wanga. Nditenga fulasiki, tawulo latsopano ndi foni yanga, chifukwa kamera yake ndi yabwino. Ndikakamaliza kuwameta ndikaimba nambala ya mwana wawo, ndikawapatsa foniyo, ine n'kukadikira panja mpaka atandiitana.